Zitsa za a Dinisi

"Chotsani phazi pa chitsa changa!" anakalipa a Dinisi, nkhwangwa ili paphewa.

Yolanda, shefi woyang'anira malo obwezeretsa nkhalango m'mapiri a ku Chiputo, sanasunthe. "Munda uno si wanunso, bambo. Phiri lonse mwalimeta ndi nkhwangwa yanuyo. Tizula zitsa zonse, tidzale mitengo yeniyeni."

"Kuno mtengo timadula m'chiuno kuti uphukenso. Inu nkhalango munaiona papepala ku Tete!"

"Tulukani ndisanaitane alonda."

A Dinisi analavula pansi. "Wozula chitsa changa, kwawo adzalira maliro."

Antchito onse anali a m'mudzi momwemo ndipo mawuwo anawamva. Anazula zitsa phiri lonse n'kudzala mbande m'mizere, koma munda wa a Dinisi ankaulambalala. Dzuwa litaotcha mbandezo, chiswe chinamaliza zotsala.

Patatha zaka zitatu, kunabwera alendo a ku Maputo amene ankathandiza ntchitoyo. Yolanda anawadutsitsa msangamsanga pamtunda wofiira wa mbee, mpaka pomwe panali munda uja. Pazitsa zosazulidwa zija, mphukira za misuku ndi miombo zinali zitapitirira munthu msinkhu.

Alendo anajambula zithunzi mosangalala. "Apa ndiye mwagwira ntchito! Munatani?" anafunsa mmodzi.

Kuseri kwa waya wotchinga malowo kunaima a Dinisi ndi mbuzi zawo, maso ali pa Yolanda. Yolandayo anawafulatira.

"Ndi njira yathu yatsopano," anatero. "Mtengo timadula m'chiuno."