Matewera Oyera a Alamu

Pampopi, mayi wa mapasa ankafikisa matewera, msana ukuwawa, chikasu osachoka. Pachingwe, matewera a mlamu wake anali mbee.

"Taonani ukhondo wa anzanu," apongozi anatero. "Inu sopo mumadya kapena?"

Mayiyo anangopitiriza kufikisa. Zabwino zonse n'za mlamu, iye ntchito basi.

Mlamu anaseka. "Ine sindivutika. Wangayu chimbudzi chake n'choyera ngati choko."

Manja a mayiyo anaima m'beseni. Kusikelo anamwino ananenetsa kuti chachikasu n'chabwinobwino, koma choyera n'chothamanga nacho kuchipatala.

Kwa kamphindi analakalaka kungokhala chete, awasiye azinyada. Kenako khanda la mlamuyo linalira, ndipo iye anapukuta manja pachitenje.

"Alamu, kusekako kuthere pomwepo. Berekani mwanayo tizipita kuchipatala."