Mutu wa Bwato Lakale

Chiletsereni mabwato amitengo, aliyense wopita pakati pa nyanja amayamba wakweza bwato pa sikelo ya boma. Katundu akapyola muyezo, injini siilira.

Nankhoma anasankha bwato lapulasitiki lakuya, lotha kulimbana ndi mphepo ya mwera. Analongamo ukonde, batire ndi madzi akumwa, kenaka mutu wa bwato lamtengo la malemu amuna ake, umene anadula yekha ndi sowo.

Nyale ya sikelo inafiira.

"Alamu, tsitsani chikunicho," anatero Chimwaza, mng'ono wa malemuyo. "Sichigwira nsomba."

"Mtengo umenewu unkawabweza achimwene anu kumtunda zaka makumi awiri. Pulasitikiyu akuidziwa njira?"

Nankhoma anamasula mpando wake n'kuuponya pamchenga. Nyale inabiriwira.

"Nanga mukhala pati?"

"Ndiimirira. Lizani injini."