Diso la Malemu

Kuyambira m'mawa wojambula zithunzi wina anali pa kompyuta, kukonza diso la munthu wakufa.

Mlandu unali wake, ndipo mtima unkamuuza. Tsiku limene mkulu womwalirayo anabwera kudzajambulitsa mu situdiyo, atavala jekete lalikulu kuposa thupi lake, iye anali pa foni kukangana ndi mlamu wake za njinga yamoto. Anangomulozera mpando ndi chibwano, n'kudina kamera kamodzi. "Basi bambo, mwatha." Taonani, munthu amene analemba yekha ndi penti pakhomo kuti KUJAMBULA NDI KUONA! Atadzatsegula chithunzicho anapeza diso lakumanzere litatsinzina. Ndiye kuti mkulu uja anaphethira. Anati adzamuitana ajambulidwenso, koma zinali za mawa, mkuja, mpaka dzulo mwana wamkazi wa mkuluyo anaimba foni: bambo atisiya, ndipo chithunzi chawo china kunyumba kulibe.

Manyazi anamugwira. Auze bwanji munthu wolira kuti chithunzi chokhacho cha bambo ake chinaonongeka chifukwa cha mkangano wa pachilamu? Ayi ndithu. Anatenga diso lakumanja, n'kulitembenuza, n'kuliika kumanzere. Anasalaza chikope, anawonjezera ndi kakuwala komwe. Ntchito inagwirika, osanama, moti palibe akanadziwa kuti padutsa dzanja la munthu. Kenako chithunzi choyamba chija anachifufuta, mu kamera ndi mu kompyuta momwe, kuti pasatsale umboni wa mphwayi zake.

Mayi anaimba foni uja anafika masana, maso ali psuu ndi kulira. Wojambula anapereka felemu ndi manja awiri.

Mayi uja anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Jekete ndi lawo," anatero. "Koma achimwene, simunasokoneze ndi cha munthu wina?"

"Ndi omwewo, mayi. Kungoti pojambula anaphethira, ndiye ndakonzako pang'ono."

"Kuphethira?" Mayiyo anaika chala pagalasi, padiso lakumanzere. "Diso ili linatsekeka ine ndisanabadwe, chitsulo chinawalasa ku ntchito. Chibadwire sindinawaonepo ndi maso awiri."

Anabweza felemu ija patebulo mwaulemu.

"Musadandaule, achimwene. Ingondipatsani chosakonzacho."