Fomu ya Kafukufuku wa Shuga

Felesita anagwira cholembera, koma sanalembe.

Dokotala wa pakiliniki ina ku Kya Sand anali atangomuuza kuti boma lapereka ndalama zofufuzira matenda a shuga m'mabanja. Olembetsa aziyenderedwa kunyumba, banja lonse n'kumapimidwa.

"Koma tikufuna pomwe mumakhala penipeni, Lerato," anatero dokotalayo.

Chibwerereni ku Joni, Felesita ankayendera dzina lobwereka limenelo, ndipo komwe amagona sankauza munthu. Koma bala la kuphazi la amuna ake linali litayamba kununkha, ndipo iwo kuchipatala ankakana kupitako poopa kufunsidwa mapepala owaloleza kukhala ku Joni.

"Mungabwere liti?" anafunsa Felesita.

"Lachinayi."

Analemba pang'onopang'ono: Felesita Mose. Dokotala anayang'ana khadi lake lakale la pakiliniki lolembedwa kuti Lerato, n'kuyang'ananso fomuyo.

"Nyumbayo tikaizindikira bwanji, Mayi Mose?"