Kompyuta Ilalikira ku Ipusukilo

"Ndisunge mawuwa pa foni, kapena mumvetsere kaye?" anafunsa Tabitha, atalemba lamulo pa sikirini yakuda kuti kompyuta iwerenge mokweza ulaliki wa amuna ake.

"Sungani chabe, amake Calvin," ananong'ona Abusa Israel, mawu atawathera ndi chimfine. Ankaopa kuti akapanda kulalikira, wachiwiri wawo awalanda guwa.

Pa Sondo, Tabitha atalumikiza foniyo m'tchalitchi, sipika inatulutsa zonse, ngakhale timawu timene abusawo amadzilembera pokonzekera: "Apa lira. Pukuta misozi. Kweza manja."

Abusa anabisa nkhope. Koma mpingo unalira, unapukuta misozi, unakweza manja kuposa masiku onse.

Potuluka, a Shadreck, mkulu wa mpingo, anawagwira dzanja mwaulemu.

"Abusa, musafulumire kuchira. Amayi busa, sabata yamawa mubwerenso nayo foniyo."