Khoma la Mayi Tiruwork

"Ntchito yatha, amayi. Tulani mwalawo," anatero Ashenafi, kapitawo wa boma pa ntchito yolipidwa tirigu.

Mayi Tiruwork sanautule. Anayang'ana makoma amiyala otchinga nthaka, omwe anali atazinga phiri lonse ngati m'mapiri ena a dera lakwawo la Wollo.

"Yatha? Nanga tirigu?"

"Lamulo likuti wolandira ndi amene wagwira ntchito."

"Njala nayo mwaiuza kuti ntchito yatha?"

Ashenafi anapukuta thukuta. "Ine ndangotumidwa, amayi. Boma si bambo wa munthu."

"Ukuuza ine? Nthawi imene dziko linkalamulidwa ndi mfumu tinkafa boma likuyang'ana kumbali. Asilikali atalanda dziko anati senzani miyala mudye, tinasenza. Inunso mwabwera ndi mawu omwewo, mwangosintha chipewa. Msanawu watopa, mwana wanga."

"Ndiye nditani? Tirigu amamutumiza kumene kuli chokonza. Kuno zonse zili chilili."

Mayiwo anatula mwala uja pang'onopang'ono n'kutola ndodo yawo. Potsika anaima pa khoma lam'munsi, lomwe analimanga akadali mtsikana. Analowetsa ndodo pansi pa mwala wapakona n'kukanula. Khomalo linagumuka, fumbi koboo!

"Ashenafi," anaitana osatembenuka, "ukawauze akuluakulu ako kuti madzi osefukira atigumulira khoma."

Ashenafi anayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe, ndipo mvula inali isanagwe chaka chonse. Anausa moyo.

"Ndikanene kuti agumula makoma angati, amayi?"