Mzere wa Bwana Nangula

Kalisto anafika pakhonde la Bwana Nangula chipewa chili m'manja. Unali mmawa wa mwezi wa Juni, 1956, ndipo chisanu cha pa Dedza chinkalowa mpaka m'mafupa.

Mzunguyo asanapume ntchito anali mkulu wa asilikali a panyanja. Ankati anapanga yekha zida zolondolera njira zimene zinapulumutsa sitima zambiri pankhondo, ndipo anthu ankangovomera, poti nyanja yamchereyo panalibe amene anaionapo. Atakhazikika kuphiri kuno, a zankhalango anamupempha kuti ayeze malire a munda wa mitengo ya paini. Wonyamula chida chake chamkuwa cha miyendo itatu anali Kalisto. Kunyamula kokha, kusuzumiramo ayi.

Tchimo linayambira pamenepo. Kalisto anamvapo kuti singano ya kampasi, chida cholozera njira, imatsatira chitsulo ngati galu akanunkhiza nyama. Tsiku loyeza, Bwana akudikira kuti nkhungu ichoke, iye anabisa nkhwangwa m'udzu pansi pa chidacho kuti mzere wa malirewo ulambalale munda wake wa kachewere. Unalambalaladi. Koma unakameza munda wa a Bernadetta, mayi wamasiye, pamodzi ndi kasupe wawo.

Mayiwo analira mpaka mawu kusasa. Anasamukira kwa achibale ku Kasina, komwe anamwalira akupemphabe pobzala. Kalisto anakolola bwino zaka zisanu, koma kachewereyo sankatsika kukhosi. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni, Ukaristia osalandira. Mkazi wake akafunsa, ankanamizira mutu. Munthu anaonda akudya.

Tsopano Bwana anali kudwala, ndipo zinamveka kuti abwerera kwawo kukafera komweko. Akachoka, Kalisto adzaulula kwa yani? Anagwada pasimenti yozizira ya pakhondepo.

"Bwana, ndabwera kudzatula katundu. Chida chanu chija sichinaname chokha. Ndinachinamiza ndine, ndi nkhwangwa. A Bernadetta ndinawapha ndine."

Nkhalambayo inali pampando itafunda bulangete, maso ali pa mitengo ya paini. Kalisto anadikira kuti atumize apolisi, ndipo sanaope. Ndende ikanamupepukira kusiyana ndi manyazi amene ankagona nawo n'kudzuka nawo.

"Nkhwangwa yako ndinaiona," anatero Bwana m'Chinyanja chake chotsimphina. "Dzuka, Kalisto. Chida chija chilibe singano, chimawerenga mthunzi wa dzuwa. Ukanaikapo ngakhale njanji, sichikanasuntha."

Kalisto anayasama.

"Mzere ndinaukhotetsa ndine. Ndinkafuna kasupe uja kuti madzi afike panyumba pano." Bwana anakhosomola, maso osamuyang'anabe. "Ndinaona kuti mlandu wausenza iwe, ndipo ndinakusiya. Unali wodziwa kunyamula."